Phunziro la Mwezi Uno: Kudzutsa Nyumba Yakale

Pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno ku cigawo ca Kum'mawa muli nyumba imene eni ake aleka kuikhulupirira. Denga likudontha, khoma lang'aluka, citseko cikukhula pansi, ndipo mvula ya mphepo ikayamba usiku makolo amadzutsa ana ndi kuwasunthira kucipinda cimene akuganiza kuti n'colimbako. Nyumba yotere imadya cuma ca banja mwakacetecete: mbewu yosungira imanyowa, zofunda zimacita cuku, ana amakhalira kutsokomola, ndipo pamapeto pake khoma limagwa mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene m'thumba mulibe kanthu ndipo manja onse ali kumunda.

M'phunziro lino tikambirana mmene mlimi angadzutsire nyumba yotere popanda kumwaza ndalama. Tiona zimene tiyenera kudziwa tisanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, mmene tingazindikirire gwero la vuto, nchito yoyenera kuyamba ndi yoyenera kutsiriza, ndiponso nthawi ya caka imene nchito iliyonse imayenera. Tikupempha kuti phunziroli muwerengere pamodzi ndi a m'banja mwanu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kodi nyumbayo ndi ya yani?

Funso loyamba silikhudza njerwa kapena malata. Nyumba zambiri zakugwa ndi zamasiye, zimene anasiya makolo kapena mbale amene anamwalira kapena anasamukira ku Lusaka ndi ku Migodi. Pamene nyumba ili bwinja palibe amene amaifuna, koma ikangovala malata atsopano eni ake amaculuka. Cotero tisanayambe nchito tiyenera kukhala pansi ndi acibale onse amene ali ndi mawu pa nyumbayo, pamaso pa anyakwawa, ndipo zimene tagwirizana zilembedwe papepala, aliyense asaine kapena kudinda cala.

M'dziko lathu muli lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu amene wamwalira osalemba wilo. Lamuloli limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 kwa ena amene ankadalira iye. Likunenanso kuti nyumba imakhala ya ana ndi wotsalayo, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo kufikira atamwalira kapena atalowa m'banja lina. Koma lamuloli silikhudza malo a mafumu, kotero kumudzi nkhani ya malo imathera kwa banja ndi kwa mfumu. Nawonso abambo amene ali pacikamwini akambirane momasuka ndi akazi awo ndi atsibweni a ana, kuti aliyense adziwe za mawa la nyumba imene akuikamo thukuta. Amene nyumba yawo ili m'tauni, monga ku Chipata, Katete kapena Petauke, afunse ku khonsolo asanawonjezere cipinda kapena kusintha mamangidwe.

Kuyendera nyumba

Nthawi yabwino yoyendera nyumba ndi m'dzinja mvula ili mkati, cifukwa ndi pamene imaulula zofooka zake zonse. Mvula ikamagwa, tengani khala kapena coko ndi kulemba cizindikiro paliponse pamene padontha ndi pamene khoma lanyowa. Ikangokata, tulukani muzungulire nyumba ndi kuona kumene madzi akuima ndi kumene akulowera. Zizindikiro zimenezi zidzakutsogolerani m'cilimwe, zonse zitauma ndipo nyumba ikuoneka ngati ilibe mlandu.

Pambuyo pake yang'anani mbali zinayi izi. Coyamba ndi mitengo ya denga: ibayeni ndi msomali kapena nsonga ya mpeni, ndipo ngati msomali ukulowa mosavuta, mtengowo wadyedwa ngakhale kunja ukuoneka wabwino. Caciwiri ndi kuima kwa makoma: mangirirani mwala kucingwe, mucigwire pamwamba pa khoma, muone ngati khomalo latsamira kunja kapena mkati. Cacitatu ndi pulasitala: gogodani ndi cala, ndipo pamene pakulira ngati ng'oma pasiyana ndi njerwa. Cacinayi ndi tsinde la khoma, pamene limakumana ndi nthaka: ngati pakokoloka kapena njerwa zikufumbutuka m'manja, vuto lalikulu lili pamenepo.

Ming'alu imafuna kudekha. Mng'alu waung'ono ngati ulusi, umene uli m'pulasitala mokha, sudetsa nkhawa. Woopsa ndi uja wodutsa khoma lonse, woyenda mopingasa ngati makwerero kucokera pakona ya zenera kapena citseko, wotakasuka mbali imodzi kuposa inzake. Umenewu umasonyeza kuti maziko akutitimira. Kuti tidziwe ngati ukali kukula, timamata kadothi ka simenti kopyapyala modutsa mng'aluwo, ndi kulemba tsiku pambali pake. Kadothiko kakasweka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kuti nyumba ikusunthabe, ndipo kutseka mng'aluwo tisanakonze maziko n'kutaya simenti. Vuto limeneli limaculuka pa nyumba zomangidwa pa dothi lakuda la makande, pafupi ndi dambo, cifukwa dothilo limafufuma likanyowa ndi kunyala likauma.

Kukonza kapena kugwetsa

Si nyumba iliyonse imene iyenera kupulumutsidwa. Ngati makoma awiri kapena kuposa atsamira moonekeratu, ngati nyumba inamangidwa popanda maziko pamalo oima madzi, kapena ngati tsinde la makoma ladyeka kufika pakati kuzungulira nyumba yonse, nzeru ndi kuiphwasula mosamala, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Pocita zimenezi sititaya zonse. Njerwa zowocha zimene zinamangidwa ndi dothi zimasiyana mosavuta ndipo zikapalidwa zimamanganso. Mafelemu a zitseko ndi mazenera amabwerera pakhoma latsopano, malata akale amafolera khola kapena khichini, ndipo zidutswa za njerwa zimatsiridwa pansi tisanaike konkire. Njerwa iliyonse yakale imene tagwiritsanso nchito ndi nkhuni zimene sitinawoche pa uvuni.

Koma ngati makoma aima cilili ndipo maziko ali bwino, kukonza kumachipa kuposa kumanga, ndipo kuli ndi ubwino wina: nchitoyo ingagawidwe m'zaka ziwiri kapena zitatu monga mmene zokolola zikulolera.

Mdani wamkulu ndi madzi

Tikalandira ndalama za soya, nshawa kapena thonje, mtima umathamangira zimene anthu odutsa m'njira angaone: penti, citseko cacitsulo, magalasi. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Dongosolo loyenera ndi ili: denga, ngalande, maziko, makoma, pansi, ndipo penti pamapeto. Cifukwa cake n'cakuti pafupifupi zonse zimene zimaononga nyumba zimayamba ndi madzi, ndipo tikapanda kuwatsekereza, nchito ina iliyonse idzabwerezedwa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi ili ndi malo okwana masikweya mita 48. Mvula imodzi ya mamilimita 20, imene si yacilendo kuno, imatsitsa malita 960 kucokera padenga limenelo, ndiko kuti zigubu 48 za malita 20. Ngati denga n'lalifupi ndipo palibe ngalande, madzi onsewo amathiridwa patsinde pa khoma, mvula iliyonse, kuyambira Novembala mpaka Malichi.

Denga

Denga liyenera kupitirira khoma ndi masentimita 60 kapena kuposa, makamaka mbali imene mvula imawombera. Pa denga la malata, yambani ndi kusintha mitengo yonse yodyedwa, pakuti lata latsopano pa mtengo wofumbwa limapita ndi mphepo yoyamba. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande mwake mmene mumayenda madzi. Malata alowane msana umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita osacepera 15 pamene lina likutsikira pa linzake. Pogula kumbukirani kuti nambala ya geji ikakula lata limapyapyala: lata la geji 28 n'lolimba kuposa la 32. Lata lakale limene lili ndi mabowo a misomali okha lingamatidwe ndi phula, koma limene dzimbiri ladya kufikira kuonetsa kuwala m'malo ambiri lipite kukhola.

Madenga ambiri amasasuka cifukwa anangotsamiritsidwa pakhoma ndi kutsindiridwa ndi miyala. Mitengo ya denga imangidwe ndi waya wokhuthala amene wazikidwa m'khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa kutsika pansi, kuti mphepo ikafuna kunyamula denga ipeze kulemera kwa khoma.

Denga la udzu si lonyozeka. Limazizira bwino mu Okutobala ndipo silisokosa mvula ikamagwa. Cinsinsi cake ndi kutsetsereka: likhale lotsetsereka kwambiri, kukwera mita imodzi pa mita iliyonse ya m'lifupi, kuti madzi asapeze nthawi yolowa. Udzu umwetedwe utakhwima ndi kuuma, mu Juni kapena Julayi moto wa m'chire usanayambe, upesedwe bwino, ndipo pofolera tiyambire m'munsi kukwera kumtunda.

Ngalande ndi maziko

Nchito yochipa kuposa zonse imafuna khasu ndi wilibala basi. Nthaka yozungulira nyumba itsetserekere kunja, ndipo pansi pa nyumba pakhale pokwera masentimita osacepera 15 kuposa pabwalo. Kusesa pabwalo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri kumakumba tsinde la nyumba, cotero tibwezeretse dothi, tilitsindire, ndi kumanga kakhonde kozungulira nyumba yonse ndi njerwa, miyala kapena dothi la paculu. Cakumtunda kwa nyumba tikumbe ngalande yopatutsira madzi kunthoci kapena kumitengo ya zipatso. Amene angathe aike mipaipi yolandira madzi a padenga ndi kuwasunga m'dilamu lovindikira. Mitengo yomwa madzi kwambiri monga bulugamu isakhale pafupi ndi khoma.

Ngati maziko atitimira pakona imodzi, amalimbitsidwa pokumba pansi pake ndi kuthiramo konkire. Nchito imeneyi ndi ya mmisiri wodziwa. Lamulo lake n'lakuti sakumba mbali yonse nthawi imodzi: amakumba kadzenje kosapitirira mita imodzi, amathira konkire, amadikira kuti iume, kenaka amalumpha malo ndi kukumba kena. Wokumba ngalande yaitali pansi pa khoma nthawi imodzi akudziitanira khomalo pamsana.

Makoma ndi pansi

Khoma limakonzedwa ndi zinthu zofanana ndi zimene linamangidwa nazo. Khoma la mdindo kapena la njerwa zosawocha limapuma: limamwa cinyezi ndi kucitulutsa. Tikalikuta ndi pulasitala wa simenti yambiri, pulasitalayo sagwirana nalo bwino, madzi amalowa m'ming'alu ndi kutsekeredwa kumbuyo, ndipo khoma limasungunuka mobisika kufikira tsiku limene cigamba conse cimagwa. Khoma lotere limatidwe ndi dothi losakaniza ndi mcenga ndi udzu woduladula, kenaka lipakidwe njereza. Laimu wa njereza ndi uja womangira; laimu wothira m'munda ndi mwala wopera cabe ndipo sagwira pakhoma.

Pa khoma la njerwa zowocha, cotsani pulasitala yense wolira, kolopolani mng'alu kufikira mutapeza polimba, tsukani fumbi, ndipo nyowetsani njerwa musanamate. Pamene mng'alu wadula njerwa, zicotsedwe ndi kulowetsapo zamphumphu kuti mbali ziwirizo zilumane. Pamwamba pa citseko ndi zenera lililonse pakhale lintala ya konkire yokhala ndi zitsulo, kapena thabwa lolimba lolowa m'khoma mbali zonse ziwiri.

Poyeza simenti tigwiritse nchito ndowa imodzimodziyo, osati fosholo, cifukwa fosholo imanama. Pomangira njerwa ndi pomata, ndowa imodzi ya simenti ipite ku ndowa 6 za mcenga. Konkire ya pansi ikhale ndowa imodzi ya simenti, 3 za mcenga ndi 6 za miyala. Ya lintala ikhale imodzi, 2 ndi 4. Mcenga ukhale wopanda dothi: mukaufinya m'manja uli wonyowa usasiye matope. Pansi pa konkire yalani pepala lakuda la pulasitiki kuti cinyezi cisakwere. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa, cotero nchito yatsopano ithiriridwe masiku 7 otsatizana, ndipo mphamvu yake imakwanira pakapita masiku 28. Thumba la makilogalamu 50 lisagonekedwe pansi penipeni kapena kutsamira khoma, ndipo lisagulidwe miyezi yambiri nchito isanayambe, pakuti simenti yacita mibulu yataya kale mphamvu.

Ciswe

Ciswe cimacokera m'nthaka ndipo cimakonda mdima ndi cinyezi. Cimakwera m'tinjira ta dothi timene timaoneka pakhoma. Tinjira timeneti tiphwanyidwe nthawi zonse ndi kulondoledwa kufikira pamene tatulukira. Mtengo uliwonse wa nyumba usakhudze nthaka: nsanamira za khonde ziime pamwala kapena pakonkire. Zitsa, nkhuni ndi mapesi zisaunjikidwe patsinde pa khoma. Mitengo yatsopano isendedwe makungwa, iume, ndipo ipakidwe mankhwala oteteza isanakwere padenga. Mankhwala a ciswe agulidwe m'sitolo yodziwika, m'botolo lokhala ndi malangizo, ndipo asathiridwe pafupi ndi citsime. Tikumbukirenso kuti nkhalango zili pansi pa lamulo la 2015, cotero wofuna kuceka matabwa ayambe wafunsa kwa alangizi a za nkhalango.

Kudzisamala pa nchito

Nyumba zina zakale, makamaka zimene zinali za boma, za mishoni kapena za m'mafamu, zili ndi denga la asibesitosi, lotuwa ndi lokhuthala ngati simenti. Likakhala lamphumphu silivuta, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osacizika amene amaonekera patapita zaka zambiri. Lisacekedwe, lisaboledwe, lisapalidwe. Polisasula linyowetsedwe ndi kutsitsidwa lathunthu. Siliyeneranso kupondedwa, cifukwa limathyoka mosacenjeza. Zitosi za mileme ndi za makoswe za kudenga ziwazidwe madzi tisanasese, ndipo wosesayo aphimbe mphuno ndi pakamwa. Ana asasewere pansi pa khoma limene likukonzedwa, ndipo ngati m'nyumba muli magetsi, mawaya akale aonedwe ndi munthu amene anaphunzira nchitoyo.

Nyumba yoteteza umoyo

Popeza tayamba kale kukonza, tiwonjezere zinthu zing'onozing'ono zimene zimacepetsa maulendo a kucipatala. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata umenewu utsekedwe ndi njerwa kapena dothi, ndipo mphepo izilowera m'mazenera ochingidwa ndi sefa. Kumata ndi kupaka njereza kutsirizike anthu opopera mankhwala a udzudzu asanafike, cifukwa khoma likamatidwa pambuyo pake mankhwalawo amakwiririka. Kutseka ming'alu kumalanda malo nsikidzi ndi mphemvu. Khichini likhale ndi potulukira utsi, cimbudzi citalikirane ndi citsime mamita osacepera 30 ndipo cikhale cakumunsi kwake, ndipo feteleza ndi mankhwala a thonje zisagone m'cipinda cimodzi ndi anthu kapena cakudya.

Ndalama ndi nthawi

Nyumba isadye munda. Ndalama za zokolola zikafika, tiyambe tapatula za mbewu, za feteleza, za sukulu ndi cimanga cokwanira caka, ndipo zotsalazo ndizo za nyumba. Banja limene lagulitsa nkhokwe yonse kuti ligule malata limagona pouma koma ndi njala, ndipo mu Febuluwale limakagula cimanga comweco pamtengo wokwera. Lembani zonse zofunika ndi mitengo yake, funsani m'masitolo awiri kapena atatu, ndipo siyani gawo limodzi mwa magawo 10 la zodzidzimutsa, pakuti nyumba yakale imaulula zina pamene yasasulidwa. Mmisiri musankhe mutaona nchito imene anagwira zaka zapitazo. Mugwirizane naye polemba, ndipo mumulipire m'zigawo nchito ikamatha, osati zonse poyamba.

Kalendala yake ingakhale yotere. M'dzinja timayendera nyumba ndi kulemba zizindikiro. Mu Meyi ndi Juni, tikatha kukolola, timakambirana ndi acibale ndi kuwerengera ndalama. Mu Juni ndi Julayi timamweta udzu, kututa mcenga ndi kuumba njerwa. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya denga, maziko ndi makoma. Pofika pakati pa Okutobala nyumba ikhale yofoleredwa ndipo ngalande zikhale zokumbidwa, kuti mvula yoyamba itipeze tili kumunda. Denga lisasasulidwe ngati zonse zolibwezeretsa sizili pabwalo. Ngati ndalama zakwanira denga ndi ngalande zokha, zimenezo n'zokwanira caka cino. Pulasitala ndi penti zidzadikira zokolola zina popanda nyumba kuonongeka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'cifukwa ciani tiyenera kukambirana ndi acibale ndi anyakwawa tisanayambe kukonza nyumba yamasiye?
2. Kodi tingasiyanitse bwanji mng'alu woopsa ndi wosaopsa?
3. Werengerani malita a madzi amene amatsika padenga la nyumba yanu pa mvula ya mamilimita 20. Kodi madziwo amapita kuti?
4. N'cifukwa ciani pulasitala wa simenti yambiri sayenera pakhoma la njerwa zosawocha?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli nkhalamba kapena amasiye amene nyumba yawo singapirire dzinja likudzali? Gulu lanu lingagawane bwanji nchito ya udzu, mitengo ndi kumata?

Nchito ya kunyumba

Sabata ino zungulirani nyumba yanu muli awiri, mutatenga msomali, cingwe ca mwala ndi kope. Lembani zonse zimene mwapeza m'magulu atatu: zimene zingagwetse nyumba, zimene zikulowetsa madzi, ndi zimene zikungoipitsa maonekedwe. Bweretsani kopelo pa tsiku la maphunziro likudzali, kuti tidzawerengere limodzi mtengo wa gulu loyamba ndi laciwiri.